NKHUKUNDEMBO SI NKHUKU YAIKULU

Anzanga ndi aphunzitsi athu, ambiri a ife pasukulu pano tichokera m'makomboni a minda ya tiyi ndi m'midzi yozungulira, ku Makwasa, ku Satemwa, ku Conforzi, ku Naming'omba ndi kwina kotero. Mudziwa nonse kuti malo kwathuko ngochepa. Tiyi wafika mpaka m'mphepete mwa nyumba, ndipo kuseri kumangotsala kabwalo koti munthu n'kuyalapo mphasa zitatu kapena zinayi. Pakabwalo komweko mpamene amayi aphikira, mpamene ayanika ufa, ndiponso mpamene ayenda nkhuku, abakha ndi nkhukundembo za pakhomo. Ndifuna kukamba nanu za kasamalidwe ka nkhukundembo ikadwala pamalo otere, pakuti ine ndinaphunzira zimenezi ndi misozi.

Chaka chatha amayi anagula mazira 11 a nkhukundembo, nawaika pansi pa thadzi lathu la nkhuku lodziwa kufungatira. Mazira a nkhuku aswa patapita masiku 21, koma a nkhukundembo alira masiku 28; thadzilo linapirira ndithu, ndipo m'mwezi wa May linaswa anapiye 9. Awiri anafa ndi chisanu cha June. Otsalawo amayi anawawerengera kale ntchito: akagulitsidwa pa Khirisimasi, ndalama zake zigule yunifolomu yanga, nsapato za mlongo wanga ndi thumba la feteleza. Koma nditafika kwathu pa tchuthi cha August ndinapeza imodzi itaima payokha pafupi ndi bafa, mapiko ali lende, maso ili tsinzi. Pasanathe milungu iwiri zinayi zinali zitadwala, ndipo zitatu zinafa. Zimene ndilemba pano ndi zimene anatiphunzitsa mlangizi wa ziweto masiku amenewo, pamodzi ndi zimene ndinafunsa kwa aphunzitsi athu a zaulimi nditabwerera kusukulu.

KWAO KWA MBALAMEYI

Tiyambe ndi kuidziwa mbalame yomwe. Dzina lake litinyenga, chifukwa liyamba ndi "nkhuku", motero timaganiza kuti ndi nkhuku yonenepa chabe. Si choncho ayi. Makolo a nkhuku zathu anali mbalame za m'nkhalango za ku Asia, koma nkhukundembo kwao ndi ku America. Anthu a ku Mexico ndiwo anayamba kuziweta kalekale, ndipo anthu a ku Spain anazitengera ku Ulaya kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1500. Kuchoka kumeneko zinafalikira m'maiko ena mpaka kufika kuno.

Popeza mitundu iwiriyi inakulira kutali ndi kutali, matupi ake salimbana ndi matenda mofanana. Ilipo nthenda imene nkhuku iyenda nayo osaoneka kuti ili kudwala, koma nkhukundembo ikaitenga imafa. Ndiponso mwanapiye wa nkhukundembo ngofooka kuposa wa nkhuku: afuna kutentha kwambiri, pafupifupi madigiri 35 mlungu woyamba, ndi chakudya chomanga thupi chochuluka. Kuno ku Thyolo, kumene mphepo ya chiperoni imadza ndi nkhungu ndi mvula yowaza kuyambira May mpaka July, mwanapiye wonyowa m'mawa angathe kufa dzuwa lisanalowe.

KUZINDIKIRA MSANGA

Mbalame imabisa matenda, pakuti kuthengo yooneka yofooka ndiyo iyamba kugwidwa. Chifukwa chake pamene inu muona kuti yadwala, dziwani kuti inayamba kale. Woweta wanzeru ayang'ana ziweto zake m'mawa uliwonse pozitsegulira ndi pozipatsa chakudya. Nkhukundembo yamoyo ithamangira chakudya, khosi lili njo, nthenga zili see, maso ali owala. Yodwala itsalira m'mbuyo, iima malo amodzi, ikokera mutu m'mapewa, igwetsa mapiko ndi mchira, ndipo nthenga zake zinyankhalala.

Mukaiona yotere, inyamuleni. Pasani pachifuwa: ngati fupa lapakati latuluka ngati mpeni, ndiye kuti yakhala masiku isakudya bwino. Pasani chithokomiro m'mawa isanadye, pakuti chiyenera kukhala chopanda kanthu. Yang'anani maso, mphuno ndi m'kamwa. Vundukulani nthenga za kunsi kwa mapiko ndi kumbuyo kuona ngati kuli nsabwe kapena utitiri. Koposa zonse yang'anani zitosi zake, chifukwa zitosi ndiyo kalata imene mbalame ikulemberani kunena za m'mimba mwake.

ZOYAMBA KUCHITA

Musanadziwe dzina la nthendayo, pali zinthu zinayi zoti muchite tsiku lomwelo.

Choyamba, ipatuleni. Ichotseni pakati pa zinzake, muiike m'chitete kapena m'dengu lalikulu pamalo pamene ziweto zina sizifikapo. Muyalemo udzu wouma kapena utuchi, ndipo muzisintha tsiku ndi tsiku ndi kutentha zakalezo. Ikhale ndi mbale yakeyake ya madzi ndi ya chakudya. Yambani kusamala zamoyo, yodwalayo mumalizire, ndipo mukatha musambe m'manja ndi sopo. Ana aang'ono asaseweretse mbalame yodwala.

Chachiwiri, ifunditseni. Thupi la mbalame litentha kuposa la munthu, pafupifupi madigiri 41, ndipo ikasiya kudya sikhala ndi mphamvu yodzitenthetsa. Phimbani chitetecho ndi chiguduli mbali zitatu, mbali imodzi musiye polowera mpweya. Usiku thirani madzi otentha m'botolo, mulikulunge ndi nsanza, muliike pambali pake. Musaike mbaula ya makala m'chipinda chotseka, pakuti mpweya wa makala upha mbalame ndi anthu omwe.

Chachitatu, imwetseni. Nkhukundembo yotsegula m'mimba imafa msanga ndi kutha kwa madzi m'thupi. Tengani lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa, muthiremo masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere, monga tichitira ndi mwana wotsegula m'mimba. Ngati ikana kumwa yokha, viikani nsonga ya mlomo wake m'madzimo, kapena donthezani pang'onopang'ono m'mbali mwa mlomo, ndi kuilola imeze yokha. Musaikanule ndi kuthira madzi ambiri nthawi imodzi, chifukwa patsinde pa lilime pali kabowo kopumira, ndipo madzi akalowa mmenemo mbalame itsamwa. Imodzi mwa zathu zija ine ndinaifulumizitsa imfa mwa njira yomweyi, ndili kuganiza kuti ndili kuithandiza.

Chachinayi, ipatseni chakudya chofewa. Madeya okha sakwanira. Phikani dzira, muliphwanye, musakanize ndi phala lozizira kapena madeya onyowetsa. Onjezani usipa wosinja kapena ufa wa soya wokazinga, ndi masamba odula bwino monga bonongwe kapena chisoso. Muziipatsa pang'ono koma kawirikawiri, ndipo chotsala muzichotsa chisanasase.

KUWERENGA ZIZINDIKIRO

Mukatha izi, khalani pansi muganize kuti nthendayo ndi iti. Matenda amene avuta nkhukundembo pakhomo kawirikawiri ndi awa.

Chitopa tichidziwa tonse. Chimadza makamaka nyengo yotentha mvula isanagwe, ndipo nkhuku za m'komboni monse ziyamba kufa zambirimbiri. Mbalame ipuma movutika, zitosi zikhala zobiriwira, ndipo zina zipotoka khosi. M'Chingerezi nthendayi inatenga dzina la mzinda wa Newcastle ku England, kumene inaoneka m'chaka cha 1926. Ilibe mankhwala ochiza, koma katemera alipo. Katemera wotchedwa I-2, amene anayambira ku yunivesite ya Queensland ku Australia, amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Ubwino wake ngwakuti apirira kutentha kuposa akatemera ena. Adonthezedwa dontho limodzi m'diso miyezi inayi iliyonse, ndipo aperekedwa kwa mbalame zamoyo, osati zodwala kale.

Nthomba ioneka ndi timatuza ndi nkhanambo pamutu ndi pakhosi, pamene palibe nthenga. Udzudzu ndiwo uifalitsa kwambiri, motero ichuluka nthawi ya dzinja. Musasende nkhanambozo. Tsukani ndi madzi a mchere ofunda, pakani ayodini mosamala osakhudza diso, ndipo onani kuti mbalameyo ikutha kupeza chakudya ngati maso atsekeka. Zambiri zichira pakapita milungu ingapo, koma nthomba ikalowa m'kamwa ndi kukhosi ndiyo yoopsa.

Ina ndi yotupitsa nkhope kunsi kwa maso. Mbalame iyetsemula, m'maso mutuluka thovu, m'mphuno mamina. Mankhwala a kwa alangizi achepetsa kutupako, koma kachirombo kake katsalabe m'thupi ndipo kangathe kulowa m'mazira. Choncho mbalame yotere siyenera kusungidwa kuti ikhale ya mbewu.

Yachinayi ndiyo inatipha ife, ndipo ndiikamba payokha.

NTHENDA YA CHIWINDI

Itafa yachiwiri, amayi anandituma kukaitana mlangizi wa ziweto. Anafika pa njinga, nayang'ana zitosi za yodwala ija. Zinali zamadzimadzi, zachikasu chowala ngati yolika ya dzira. Kenaka anatumbula yakufayo, natisonyeza chiwindi. Chinali ndi mawanga ozungulira, olowa m'kati pang'ono, kukula kwake ngati tindalama tachitsulo. Anatisonyezanso timatumbo tiwiri totseka kumapeto, timene tili pafupi ndi kotulukira zitosi; tinali totupa, m'kati muli zolimba zonga chambiko chouma.

Pamenepo anafunsa nati, "Mayi, kodi anapiyewa anakula ndi yani?"

Amayi anati, "Ndi thadzi ilo, bambo. Koma taonani lili bwinobwino, silinadwalepo."

Iwo anaseka pang'ono nati, "Chikomekome cha nkuyu, mayi, m'kati muli nyerere."

Nthendayi m'Chingerezi aitcha Blackhead, ndiko kunena kuti mutu wakuda, koma dzinali lisokeretsa, chifukwa nthawi zambiri mutu suda konse. Chizindikiro chenicheni ndi zitosi zachikasu zija ndi mawanga a pachiwindi. Inawononga kwambiri ulimi wa nkhukundembo ku Rhode Island m'dziko la United States m'zaka za m'ma 1890. Katswiri wina, Theobald Smith, anafotokoza za kachirombo kake m'chaka cha 1895, ndipo m'chaka cha 1920 Ernest Tyzzer wa ku Harvard anakapatsa dzina lakuti Histomonas meleagridis.

Tsono imvani ulendo wa kachiromboka, pakuti apa mpamene pagona nkhani yonse. Nkochepa kosaoneka ndi maso, ndipo kakatuluka kunja pakokha kamafa pakangopita maola ochepa. Koma kali ndi ngolo yokwera. M'timatumbo tiwiri tija ta nkhuku mukhala tinjoka tam'mimba tating'ono, toonda ngati ulusi, totchedwa Heterakis. Kachirombo kaja kalowa m'mazira a tinjokato. Mazirawo atuluka ndi zitosi za nkhuku, ndipo popeza ali ndi chikamba cholimba, akhala amoyo m'dothi kufikira zaka zitatu. Nyongolotsi za m'nthaka nazo ziwameza ndi kuwasunga m'matupi mwao. Nkhukundembo ikatola dzira lotere pojompha chakudya pansi, kapena ikameza nyongolotsi, kachirombo kamasuka m'matumbo, kadya khoma lake, kenaka kayenda ndi magazi kukafika kuchiwindi. Zizindikiro zioneka pakapita masiku 7 mpaka 12.

Nkhuku nthawi zambiri ipirira nthendayi, ingokhala chonyamulira. Koma nkhukundembo, makamaka zosakwana miyezi inayi, zingathe kufa pafupifupi zonse. Ndipo imodzi ikadwala ipatsira zinzake pogona pamodzi pa zitosi zaziwisi, ngakhale popanda tinjoka tija. Ichi ndicho chifukwa chake kupatula kuli koyamba pa zonse.

Taganizani tsopano za kabwalo ka m'komboni. Nkhuku zayendapo zaka ndi zaka, za ife ndi za amene anakhala m'nyumbamo ife tisanabwere. Nthaka ya kuno ikhala yonyowa miyezi yambiri, ndiyo chifukwa chake tiyi akondako, ndipo nyongolotsi nazo zikonda chinyezi chomwecho. Ife tinatenga anapiye a nkhukundembo ndi kuwapereka kwa nkhuku kuti iwalere pa dothi lotere. Thadzi lija linawafungatira ndi mtima wonse, koma linali kuwatsogolera kukapalasa pamene panali imfa yao.

ZA MANKHWALA

Wina afunsa kuti, "Nanga mankhwala ake ndi ati?" Kale analipo amphamvu. Koma maiko a European Union analetsa mankhwala a dimetridazole pa ziweto zodyedwa m'chaka cha 1995, ndipo ku United States mankhwala otsiriza oteteza nthendayi, a nitarsone, anachotsedwa pamsika kumapeto kwa 2015, poopa zotsalira zake m'nyama imene anthu adya. Ngati alimi aakulu a maiko olemera adalira ukhondo ndi kupatula, ife tisayembekeze kuti kapisozi wa pagolosale achita zodabwitsa.

Kwathu mbalame ikadwala, mnansi aliyense adza ndi nzeru yake: wina ati tsabola, wina ati alovera, wina ati makapisozi otsala a munthu. Ife tinayesa zonsezi, ndipo tinangotaya masiku atatu. Makapisozi a anthu ngoipa pawiri: sitidziwa muyeso woyenera mbalame, ndiponso kuwagwiritsa ntchito mwachisawawa kuchititsa kuti tizirombo tiwazolowere, mpaka tsiku lina adzalephera kuchiza ife eni ake. Safunsa anadya phula. Pitani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, mumuuze msinkhu wa mbalame, tsiku limene inayamba, maonekedwe a zitosi, ndi kuchuluka kwa zimene zadwala kapena kufa. Akakupatsani mankhwala, malizani masiku onse amene wanena, ndipo mufunse kuti papite masiku angati musanadye nyama kapena mazira ake. Pogula mankhwala a njoka zam'mimba nenani kuti mufuna opha tinjoka ta Heterakis, monga fenbendazole, pakuti piperazine amene ambiri tiwadziwa alimbana makamaka ndi njoka zikuluzikulu.

IKAFA KAPENA IKALEPHERA KUCHIRA

Nkhukundembo imene yagona chammbali, yosatha kudzutsa mutu kapena kumeza, ndi bwino munthu wamkulu aiphe msanga kuti isazunzike. Ndidziwa kuti ndiwo zivuta, ndipo kutaya nyama yochuluka chotero kupweteka mtima. Komabe mbalame yofa ndi matenda isadyedwe, isagulitsidwe, ndipo isatayidwe m'tiyi kapena mumtsinje, kumene agalu akaikoka ndi kubwera nayo pakhomo pa mnzanu. Itenthedwe, kapena ikwiriridwe m'dzenje lakuya ngati mita imodzi. Ndipo mukaona mbalame zambiri zili kufa mwadzidzidzi tsiku limodzi, musazigwire ndi manja; kauzeni a zaulimi msanga, chifukwa chimfine cha mbalame chingathe kugwira ndi anthu omwe.

ZIMENE TINASINTHA

Yachinayi ija inachira. Sindinena kuti inachira chifukwa cha nzeru zanga, pakuti zambiri zogwidwa ndi nthendayi sizidzuka. Koma inali yoyamba kupatulidwa tsiku lomwe inaonetsa kufooka, inagona pofunda, ndipo mlongo wanga anaimwetsa ndi sipuni masiku asanu osatopa. Zitatu zimene sizinadwale tinazichotsa pansi tsiku lomwe anabwera alangizi.

Abambo anamanga khola lam'mwamba la nsungwi, lotalika kufika m'chiuno, pansi pake pali mipata yoti zitosi zizigwa. Mbale za chakudya ndi madzi zili m'kholamo, sizikhudza dothi. Msipu timadula ndi kuzipatsira momwemo. Nkhuku zonse zilandira katemera wa chitopa ndi mankhwala a njoka pa nthawi yake. Mbalame yachilendo yogula kumsika, kaya ku Bvumbwe kaya ku Luchenza, ikhala payokha milungu itatu isanasakanizidwe ndi zathu. Mazira a nkhukundembo tsopano afungatira ndi make, osati nkhuku. Ndipo alangizi anatisiyira mawu amene ndiwapereka kwa inu: ngati pakhomo palibe malo olekanitsa mitundu iwiriyi, sankhani umodzi.

Pa Khirisimasi tinagulitsa ziwiri, ziwiri tinasunga za mbewu. Yunifolomu inagulidwa, feteleza anagulidwa theka, koma nsapato za mlongo wanga, yemwe anagwira ntchito yaikulu kuposa tonse, zinadikira mpaka March.

Anzanga, tchuthi chikubwerachi ambiri mukapeza nkhukundembo zili kupalasa pamodzi ndi nkhuku kuseri kwa nyumba. Musadikire kuti imodzi igwetse mapiko. Kakhaleni pansi ndi makolo anu mwaulemu, muwafotokozere za ulendo wa kachirombo kaja kuchoka m'nkhuku, kulowa m'dothi, mpaka kuchiwindi. Mukatero kadule nsungwi.

Wophunzira wa Folomu 3